Kompyuta Yosanyamulika ya a Mwanabibi

Mukafika kumidzi ya kufupi ndi Malindi n'kufunsa za a Mwanabibi abiti Sadik, anthu adzakubwezerani funso: "Ati? Owamba nsomba aja, kapena a kompyuta?" Ndi munthu mmodzi yemweyo. Nsomba akhala akuwamba kuyambira ali namwali, moti fungo la utsi silichokanso m'manja mwawo, koma dzina lomwe linawakanirira ndi lachiwirilo, ndipo salikonda. Kompyutayo sanaigwiritsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Kuwerenga sadziwa. Nkhani yake imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa mayi ameneyu sanali wouma mutu ayi. Anali wochenjera, ndipo kuchenjerako ndi komwe kunamupweteka.

Chaka cha 1988 nkhondo ya ku Mozambiki inafika poipa, ndipo anthu ankaoloka pa Chiponde mosalekeza. Ambiri ankatsalira kumsasa wa othawa nkhondo, koma ena ankatsika mapiri kubwera kuno kunyanja kudzafuna ganyu. Mmodzi wa iwo anali Filipe Dinala, munthu wamtali, woonda, wovala nkhwaira za tayala, atasenza kabokosi kakuda komwe sankalola kuti wina akakhudze. Anthu anayamba kunong'onezana kuti muli chuma. Atakatsekula anapeza kuti ndi taipilaita yakale. Kwawo, kufupi ndi Cuamba, Filipe anali kalaliki pamalo ogulira thonje. Tsiku lomwe mudzi wawo unatenthedwa anasiya nyumba, munda, mbuzi, komanso mkazi dzina lake Rosalina, yemwe anathawira mbali ina ya tchire ndipo sanamvekenso.

Ganyu woyamba anamupeza kwa a Mwanabibi, wowatemera nkhuni zowambira utaka ndi mcheni. Malipiro ake anali nsomba. Chaka chisanathe anakwatirana. Filipe analowa Chisilamu, kumzikiti anamupatsa dzina loti Faizal, koma dzinalo linathera pakhomo pa mzikiti pomwepo. Aliyense anapitiriza kumutchula che Filipe. Mu 1990 kunabadwa mwana wamkazi, Shakila.

Kuno kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Amamanga pamalo a apongozi, amalima munda wa akuchikazi, ndipo banja likatha amatuluka ndi zokhazo zomwe angathe kunyamula. A Mwanabibi anali ataziona kale zimenezi, chifukwa mwamuna wawo woyamba anangodzuka tsiku lina n'kukoleka wailesi paphewa, osabweranso. Kuyambira pamenepo mkamwini ankamuyesa poona katundu yemwe amagula. Wogula wailesi, wotchi ndi njinga, ameneyo mwendo umodzi uli panja. Wogula bedi, woumba njerwa, wodzala mango, ameneyo wakhazikika. Tsono Filipe anali munthu wofatsa, wosamwa, wosamenya, koma pa zaka zisanu zonse sanagule chinthu chilichonse cholemera. Zimenezi zinkawadya mumtima a Mwanabibi.

Mwayi unamugwera Filipe pomwe bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linatsekula ofesi paboma la Mangochi. Ankafuna munthu wodziwa Chipwitikizi, Chiyao, Chichewa ndi kutayipa, ndipo anthu otero sanali ambiri. Ankapalasa njinga Lolemba kupita kuboma, n'kubwerera Lachisanu. Loweruka ankakhala pakhonde ndi taipilaita yake ija, kulembera anthu makalata opita kwa abale awo ku Joni ndi ku Zimbabwe, koma makinawo anali atatopa, zilembo zina zinkakanirira mpaka kuchita kuzikoka ndi chala. Kuofesi anali atalawa kompyuta, ndipo ankaikamba ngati mmene mnyamata amakambira chibwenzi chatsopano.

"Abiti Sadik, chinthu chija sichiiwala," ankatero. "Ukalakwitsa umafufuta popanda kudetsa pepala. Chomwe waikamo lero udzachipeza ngakhale patapita zaka."

"Nanga chimadya chiyani?"

"Magetsi basi."

"Ndiye kuno chingafe ndi njala," ankayankha a Mwanabibi uku akutembenuza nsomba pawaya.

Mtendere unabwera ku Mozambiki, ndipo pofika 1994 malole anali akutuntha anthu kuwabwezera kwawo. M'midzi munali maliro opanda mtembo. Amuna omwe anakwatira kuno ankachoka mmodzimmodzi, ena potsanzika, ena mozemba. Azimayi anzawo anathamangira kwa asing'anga kukafuna kondaine. A Mwanabibi sanapite, iwo ankangoyang'ana maso a mwamuna wawo akamamvera phokoso la lole pamsewu.

Lachisanu lina Filipe anafika ndi nkhani. Ofesi ikutsekedwa. Mkulu wa ofesiyo, a Simioni, ananena kuti katundu wakale agawidwe kwa antchito, ndipo iye wauzidwa kuti asankhe imodzi mwa makompyuta awiri. Ina ndi yaikulu ya patebulo. Ina ndi yaing'ono yopinda, yomwe amati laputopu.

"Ine ndaganiza zotenga yaing'onoyo," anatero Filipe. "Ili ndi batire. Nditha kumakaitchaja kumishoni n'kudzagwirira ntchito pakhonde pano. Yaikuluyo popanda magetsi ndi chitsa chabe. Komanso yaing'onoyo ndi yonyamulika, munthu ukhoza kupita nayo kulikonse."

Maganizo ake anali olondola, palibe angatsutse. Koma pa zonse zomwe ananena, a Mwanabibi anamva mawu amodzi okha, oti yonyamulika. Mtima unawawa ngati wathiridwa tsabola.

"Lolemba tipitira limodzi," anatero. "Katundu wolowa m'nyumba mwanga ndimayamba ndamuona."

Anapitadi, atavala chitenje chawo cha pa Idi. Ofesi inali itayamba kale kuoneka ngati nyumba yosamukamo, makatoni ali mbwee, makoma ali ndi zipsera za mapepala omwe anamatulidwa. A Simioni, munthu wamfupi wa magalasi, anawalandira mwaulemu n'kuwaonetsa zinthu ziwirizo. A Mwanabibi sanafunse za mphamvu kapena zaka za makinawo. Anachita zomwe amachita posankha katundu pamsika. Anagwira laputopu ija n'kuinyamula ndi dzanja limodzi, kenaka anaibweza msanga ngati yawaotcha. Anapita pa yaikulu ija. Panali chigalasi chonga wailesi ya kanema, pansi pa tebulo panali chibokosi chachitsulo, panalinso thabwa la mabatani ndi zingwe zopiringizana. Anayesa kutukula chigalasicho, msana unalira.

"Achimwene," anafunsa a Simioni, "ichi munthu angayende nacho panjinga mpaka ku Chiponde?"

"Ayi ndithu, mayi. Chingafere panjira. Sichifuna kugwedezeka chimenechi."

"Basi, tikutenga chomwechi."

Filipe anayesa kulankhula. "Abiti Sadik, kunyumba kulibe magetsi."

"Adzabwera. Simunamve andale akulonjeza?"

"Nanga ndizigwirira ntchito chiyani pakadali pano?"

"Makina anu akale aja athyoka miyendo?"

A Simioni anayang'ana kudenga, kuchita ngati akuwerenga malata. Filipe anawayang'ana akazi ake nthawi yaitali. Sanali wopusa, anadziwa chomwe chinali kugulidwa pamenepo. Kenaka anangoti, "Pronto," mawu a kwawo omwe ankanena nkhani ikatha. Anapempha a Simioni kuti amulole ola limodzi makinawo asanazulidwe kumagetsi, n'kukhala pansi kuyamba kutayipa.

A Mwanabibi anakhala pabenchi kumbuyo kwake. Anaona ndi maso awo tizilembo toyera tikutuluka pagalasi, mzere pansi pa mzere, galasi likadzaza mizere yakale n'kumakwera m'mwamba kulowa m'kati. Atamaliza, Filipe anawakodola.

"Ili ndi dzina lanu," anatero akuloza ndi chala. "Ili ndi la Shakila. Umu ndalembamo zonse: mudzi wa kwathu, mayina a makolo anga, amalume anga a ku Cuamba, njira yake, ndi anthu oyenera kuwafunsa. Mwanayu akadzakula adzawerenge."

"Bwanji osangolemba papepala?"

"Pepala chiswe chimadya. Ichi sichiiwala."

Apa m'pomwe ndimafuna nditawagwedeza paphewa a Mwanabibi. Munthu wofuna kukhala amalemberanji njira yokamufunira? Koma iwo anali ataledzera ndi chipambano. Anagwira galasi paja panali dzina lawo, linali lofunda, ndipo anaseka.

Galimoto ya bungwe inadzatula katunduyo atamugoneka pamatiresi. Mudzi wonse unasonkhana. A Mwanabibi anakhometsa tebulo la mlombwa kwa kalipentala, n'kusoka nsalu ya maluwa yofunditsira. Anzawo ankawaseka kuti ena amaika amuna m'botolo, iwo aika wawo m'kompyuta. Iwo ankasekera limodzi nawo. Miyezi iwiri imeneyo ndi yomwe anagona tulo tabwino kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wawo.

Mwezi wa Ogasiti, mwera ukuomba, Filipe ananena kuti akufuna akaone ngati kwawo kuli wotsala, ndi kukalambula manda a makolo. Mwezi umodzi wokha. A Mwanabibi anayang'ana tebulo lija, mtima unakhala pansi. Msodzi sasiya khoka lake pagombe n'kupita osabwerera, ndiye munthu angasiye chuma chonga ichi? Anamuwambira nsomba za kamba wa paulendo. Chomwe anaiwala n'chakuti uyu anali munthu woti anasiyapo kale nyumba, munda, mbuzi ndi mkazi tsiku limodzi, ndipo anakhalabe ndi moyo.

"Musachigwedeze," anatero Filipe akumanga katundu panjinga. "Musalolenso munthu wosadziwa kuti achigwire. Mwezi umodzi, Inshallah."

Ananyamula Shakila, kumupsompsona pamphumi, n'kupalasa. Atazimiririka pokhota m'pamene a Mwanabibi anazindikira kuti pakaliyala pa njinga panali kabokosi kakuda kaja. Maso onse anali pa kompyuta, taipilaita sanaiganizireko.

Mwezi unatha. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Ena anati anaponda bomba lokwirira pansi, poti njira za kumeneko zinali zisanayeretsedwe. Ena anati anakapeza Rosalina ali moyo. Wina analumbira kuti anamuona ku Joni akugulitsa mawotchi. A Mwanabibi anapita ku Chiponde kawiri, kukaima pachipata kufunsa anthu a njinga ochokera kutsidya. Onse ankafunsa chimodzimodzi: "Filipe wa mudzi uti?" Iwo ankangoti kufupi ndi Cuamba, anthuwo n'kupukusa mitu. Dzina la mudziwo sankalidziwa. Pa zaka zonse za ukwati sanalifunse, chifukwa m'dzina limenelo munkakhala Rosalina, ndipo iwo sankafuna kumulowetsa m'nyumba.

Mungafunse kuti bwanji sananyamule kompyutayo kupita nayo komwe kuli magetsi. Chaka choyamba ankati palibe chifukwa, mwini wake akubwera. Zaka zotsatira ankati msewu ndi woipa, ingafere panjira. Koma zoona zake n'zakuti ankaopa. Ankaona kuti tsiku lomwe adzawerengetse mawu aja ndiye kuti avomera kuti munthuyo sabweranso yekha. Choncho Lachisanu lililonse ankachotsa nsalu, kupukuta galasi, kufunditsanso. Amuna awiri anabwera kudzafunsira, onse anabwezedwa. Magetsi aja sanabwere, andale okha ndi omwe ankabwera.

Kenaka kunagwa njala ya 2002. Omwe anaiona safuna kuikamba. Anthu anadya gaga, gaga atatha anadya mizu, ndipo nsomba zinalibe wogula. Shakila, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anayamba kutupa mapazi. A Mwanabibi anagulitsa mbuzi, bedi, ziwaya zowambira, mpaka chitenje cha pa Idi chija. Tsiku lina kunafika Atumani, wamalonda wa ku Chiponde yemwe ankabwera ndi chimanga cha ku Mozambiki n'kumasinthanitsa ndi katundu wa m'nyumba. Anali atamva za kompyuta ija.

"Mayi, ndipatseni yonseyi, ndikusiyirani thumba lathunthu."

"Wallahi, sindingathe. Muli mawu a mwamuna wanga."

Atumani anasuzumira pansi pa tebulo, kenaka anawayang'ana. "Mawuwo ali pati?"

"M'galasimu. Ndinawaona akulowa."

Munthu uja anakanda ndevu. Kaya chikumbumtima chinamugwirako, kaya ankangowerengera phindu, ndi Mulungu yekha akudziwa.

"Chabwino. Galasi lanulo sungani. Ndipatseni chibokosichi ndi mabataniwa, ndikupatsani ndowa zitatu."

A Mwanabibi anachita kudzigwira kuti asamwetulire. Chibokosi chija sanachionepo chikuchita kanthu, chinkangotenga malo ndi kusunga mphemvu. Anamuthandiza okha kuchimanga panjinga, ndipo kwa zaka zambiri ankasimba mmene anamupusitsira wamalonda wa ku Chiponde. Tinene zoona, ndowa zitatu zija zinawafikitsa pa zokolola. Shakila ali moyo lero chifukwa cha chimanga chimenecho.

Mu 2008 Shakila anapeza mwamuna, mnyamata wopala mabwato. Akuchimuna atabwera kudzakambirana za ukwati, mmodzi wa iwo anafunsa mwaulemu ndithu kuti bambo a mtsikanayu kwawo n'kuti, kuti mwina uthenga utumizidwe. Pabwalo panalibe wodziwa dzina la mudziwo. Alendo atachoka, Shakila analowa m'nyumba n'kuima patsogolo pa tebulo lija.

"Amayi, mwandiuza kuyambira ndili mwana kuti bambo anandilembera. Ndakula tsopano. Ndikufuna ndidziwe kwathu."

M'mawa mwake a Mwanabibi anakulunga galasi lija m'bulangete, anamuuza Shakila kuti atsale aziyang'anira nsomba pathandala, n'kukwera matola opita kuboma. Anakhala kumbuyo ataliika pamiyendo, atalikumbatira, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje ankamenya denga ndi chikhatho.

"Adalaivala, pang'onopang'ono! Muli mawu umu!"

Anthu anaseka mpaka misozi, iwo sanasamale.

Kufupi ndi msika wa paboma kunali kashopu ka a Howard, okonza mawailesi, mafoni ndi makompyuta. Anali bambo wachikulire, wodekha. Anathandiza kutula katunduyo pakauntala, anamasula bulangete, n'kuimba mluzu.

"Ha! Zoterezi ndinaziona kalekale. Mwasunga bwino, mayi, palibe ndi fumbi lomwe. Nanga chibokosi chake chili kuti?"

"Ndinagulitsa nthawi ya njala. Koma musadandaule, mawu ali umu."

A Howard anavula magalasi awo. "Mawu ati?"

A Mwanabibi anawafotokozera zonse, kuyambira paofesi ya a Simioni mpaka pa ndowa zitatu za Atumani. Ankalankhula monyadira, makamaka pofika pa Atumani. A Howard anamvetsera osawadula. Atamaliza, anawakokera mpando.

"Khalani pansi, mayi. Ili ndi zenera chabe. Munthu ukaima pazenera umaona za m'nyumba, koma katunduyo sakhala pazenerapo. Mawu onse amakhala m'chibokosi muja."

"Ayi, bambo. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndinagwira ndi chala dzina langa."

"Ndikukhulupirira kuti munawaona. Koma ankachokera m'bokosi."

"Yatsani."

"Mayi, sipatuluka kanthu."

"Ndapota nanu, yatsani. Zaka khumi ndi zinayi chakhala ndi njala ya magetsi. Chipatseni chidye, muona."

A Howard anafunafuna chingwe m'katoni n'kulumikiza. Galasi linalira pang'ono ngati udzudzu, kanyali kobiriwira kanayaka pakona, ndipo mdima wa pagalasipo unayererako pang'ono. A Mwanabibi anasendera pafupi, maso ali tong'o. Mphindi zinadutsa. Munthu wina anabwera kudzatenga foni yake, n'kupita. Pagalasi sipanatuluke kanthu.

"Dikirani," anatero chapansipansi. "Mwina akuchokera kutali."

A Howard anadikira nawo. Patapita nthawi anafunsa ngati Atumani uja angapezeke. A Mwanabibi anati anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo katundu yemwe ankagula ankamugulitsa kutsidya sabata yomweyo. A Howard anangogwedeza mutu.

Pakauntala pomwepo panali laputopu ya munthu wina, itatsekulidwa kudikira kukonzedwa. A Mwanabibi anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaizindikira, inali mtundu wa kanthu kaja komwe ananyamula ndi dzanja limodzi.

"Nanga kakang'ono aka, mawu kamasunga pati?"

A Howard anazengereza, koma sanali munthu wonama. "Momwemo, mayi. Galasi ndi bokosi n'zolumikizana. Munthu sangagulitse theka."

A Mwanabibi sanalire pamenepo. Anaimirira, anapempha kuti azimitse, anakulunganso galasi lawo m'bulangete, ngodya ndi ngodya. A Howard anati akhoza kulisiya pompo kuti asavutike nalo, poti palibe ntchito yomwe lingagwire. Iwo anakana. Pobwerera analiikanso pamiyendo, koma ulendo uno galimoto inagwera m'maenje onse a msewu wa ku Malindi popanda womenya denga.

Shakila anali akudikira pamsewu kuyambira masana. Matola ataima anathamanga kudzalandira katundu, nkhope ili ngwee.

"Amayi, zatheka? Alemba kuti chiyani?"

A Mwanabibi anatsika pang'onopang'ono. Anakonza mpango kumutu, anayang'ana mwana wawo, wamtali ngati bambo ake.

"Analemba dzina lako," anatero. "Linali pansi pa langa. Ndinaliona."